A Lefa Athera pa Nane

Munthu amene wathera moyo wake akuwerenga wani mpaka teni pamaso pa chinamtindi cha anthu, sumuuza kuti sadziwa kuwerenga. Koma ndi zimene a Lefa anauzidwa, m'nyumba mwawo momwe, ndipo wowauzayo anali munthu woti akaima nawo pafupi mutu wake unkalekeza pa lamba wa thalauza.

Dzina la a Lefa linachokera ku ntchito. Anali woyimbira nkhonya, uja amavala malaya oyera ndi katayi kakuda n'kumazungulira pakati pa anthu awiri omwe agwirizana kuti aphwanyane mphuno mwalamulo. Maondo atayamba kudandaula anasiya kuyimbira, n'kuyamba kuphunzitsa ena nkhonya m'shedi yakale yoyandikana ndi owotcherera zitsulo. Dzina lokha ndi lomwe linakana kupuma pantchito. Akazi awo omwe ankawaitana choncho, makamaka akafuna kuwalasa.

Mwana wawo wamkazi anakwatiwa kutali, kudziko komwe anthu amayankhula Chiswahili. Pathupi pake pachiwiri panavuta, mpaka madokotala anamugoneka m'chipatala kuti asamayendeyende kufikira atachira. Mkamwini wawo anali woyendetsa mathiraki, munthu wogona panjira, ndiye anangobweretsa mwana woyambayo kwa agogo ake. Anatula kachikwama ka zovala, chidole choduka mkono, ndi mankhwala a mphumu. Zonse anafotokoza ali chiimire, injini ikulira panja, kenako ulendo.

Mdzukuluyo anali wa zaka zinayi. Chichewa ankachimva apo ndi apo koma kuyankhula ayi, ndipo sankachisowanso, poti nyumba yonse ankailamula ndi chala chimodzi. Agogo ake aakazi anamutcha Kadona tsiku lomwelo. Iye ankawatcha agogo aakaziwo bibi, ndipo kwa iye a Lefa anali babu. A Lefa anauzidwa kuti mawuwo amatanthauza agogo aamuna, koma iwo ankakayika ndithu, chifukwa mwanayo ankawatchula ngati akuitana wantchito wochedwa.

Mankhwala aja anali kapampu kolowetsa kumbuyo kwa chibotolo chapulasitiki, ndipo kutsogolo kwa chibotolocho kunali chophimba pamphuno ndi pakamwa. Namwino wa pachipatala chapafupi anawaonetsa kachitidwe kake. Mukhutchumula kapampuko, muphimba mwana, mupopera kamodzi, kenako muwerenga pang'onopang'ono mpaka teni iye akupuma. Osachotsa musanafike teni, chifukwa mankhwala amakhala asanathe kulowa. M'mawa ndi madzulo osalephera, ndipo chifuwa chikadzamutseka mwadzidzidzi mubwereze kangapo uku mukuthamangira kuchipatala. A Lefa anaseka chikhakhali, n'kumuuza namwinoyo kuti pa zinthu zonse za padziko lapansi, kuwerenga kokha asavutike kuwaphunzitsa.

Madzulo ake anagwada pabalaza, anaphimba mwana, anapopera, n'kukweza mkono m'mwamba monga mwa ntchito yawo. Anakuwa wani, mkono n'kutsika ngati nkhwangwa. Anakuwa thuu, galu wa oyandikana nawo n'kuyamba kuuwa. Pofika pa firii chibotolo chinali chitauluka kuseri kwa mpando, Kadona ali kunsi kwa tebulo, akulira ndi kutsokomola nthawi imodzi.

Anayimbira foni make wa mwanayo kuchipatala chakutali chija. Make anayankha ndi mawu otopa, komabe anaseka. Anati anaiwala kunena: Kadona salola chophimbacho pokhapokha womuphimbayo aziwerenga m'Chiswahili, motsitsa mawu, ngati momwe iye amachitira. Ndipo kuyambira ali khanda anamuzoloweza kuti mankhwala amalowa pa nambala yomaliza, ikatchulidwa ndi pamene mwanayo amachotsa yekha chophimbacho. Anayesa kuti make aziwerenga pafoni pomwepo. Zinangoipiraipira. Kadona analanda foniyo, kuitembenuza uku ndi uku kufuna amake, n'kulira mpaka pachifuwa panayamba kulira tsweetswee. Njira imeneyo inathera pomwepo.

A Lefa anapsa mtima. Anati mankhwala alibe makutu, teni ndi teni kulikonse, ndipo chibadwire sanamvepo kuti mphumu inapita kusukulu ya Chiswahili. Ngati pali wofunika kuphunzira, ndi mwanayo. Aphunzire wani, thuu, firii ngati ana a anthu ena onse.

"Mphumu sichidziwa Chiswahili, inde," anatero akazi awo akupukuta mbale, "koma mwini chifuwa akuchidziwa. Ndiye musankhe, a Lefa, mupambane mkangano kapena mwana apume."

Chomwe chinawapweteka kwambiri n'chakuti akazi awowo anaphunzira nambala zonse usiku usanagwe, akutsuka mbale zomwezo, Kadona atakhala pa ndowa yovundikira n'kumawauza. Madzulo omwewo anamuphimba mwana, anawerenga monong'ona, ndipo Kadona anapuma bwinobwino maso ali phethiphethi, ngati si yemwe uja anaponya chibotolo. Koma mayiwo ankagwira ntchito kophikira buledi, ankachoka kusanache n'kubwera dzuwa litapendeka. Mankhwala a m'mawa, ndi tsiku lonse lathunthu, zinali m'manja mwa a Lefa. Panalibe kothawira.

Sukulu inayamba, ndipo wophunzirayo anali wa mtundu uja wotsutsana ndi mphunzitsi pa chilichonse. Moja, yomwe ndi wani, anailandira. Mbili anailandiranso, ngakhale monyinyirika. Atamva tatu anawomba m'manja n'kunena kuti ameneyo ndi wathu, anthuwa anangotibera. Koma nne anaikana kwamtuwagalu. Anati amenewo si mawu, ndi phokoso lomwe munthu amatulutsa akamakweza thumba la simenti, ndipo mtundu wa anthu wolemekezeka sungaike phokoso lotero pakati pa nambala. Akayesa kuitchula inkatuluka ine, kapena nene, kapena kubuula chabe. Tano inadutsa bwino chifukwa ikufanana ndi zisanu. Kenako sita ndi saba, mapasa oipa mtima, omwe ankasinthana malo tsiku lililonse. Akagona sita ili patsogolo, podzuka ankapeza saba yalowerera.

Akazi awo sanawachitire chisoni. Ankawafunsa pakhomo akamalowa, ankawafunsa kudzera pachitseko cha kubafa, ndipo tiyi wamadzulo ankamugwira m'mwamba mpaka a Lefa atadutsa pa mapasa aja. Kadona ndiye anali wochonga mayeso. Ankaima patsogolo pawo manja ali m'chiuno, chidole chili kukhwapa, akumvetsera. Akaphonya ankapukusa mutu pang'onopang'ono ngati munthu wamkulu wokhumudwa ndi ana amasiku ano, n'kunena mawu awiri okha: "Babu hajui." Mayiwo anamasulira mosangalala kwambiri, osafunsidwa n'komwe, kuti akunena kuti agogo sadziwa.

Munthu yemwe anaimitsapo nkhonya holo yonse ikumutukwana, osagwedezeka, tsopano ankatuluka thukuta pamaso pa mwana wovala diresi yamadontho. Zinawafika pakhosi. Mkwiyo wonse anakautula kushedi, pa anthu osalakwa. Analamula kuti kuyambira tsiku limenelo kulumpha chingwe, kumenya thumba ndi kudzikankha pansi, zonse ziziwerengedwa m'Chiswahili. Ankhonya aja anavomera poganiza kuti ndi nthabwala. Anazindikira mochedwa kuti a Lefa akasokoneza pa sita, zomwe zinkachitika nthawi zonse, ankayambiranso pa moja. Chigayo, chimunthu chachikulu chomwe chinkamenya nkhonya za olemera, anadandaula ali chafufumimba kuti mikono yake ikulipira mlandu wa mutu wa munthu wina. Anamuonjezera zina.

Kadona ankakhala nawo kushediko tsiku lonse, poti kunyumba kunalibe womusiyira. Malo ake anali pakona ya bwalo lomenyeranamo, kunja kwa zingwe, pomwe ankakhazika chidole chake pa golovesi yakale n'kumaonerera zimphona zikubuula nne. Nthawi zina ankaseka mpaka kutsokomola. M'masiku amenewo mankhwala a m'mawa ankamupatsa ndi agogo aakazi asananyamuke, kumudzutsa mwana kukadali mdima, zomwe zinkabweretsa kulira, kuchedwa kuntchito, ndi mawu ochuluka omwe a Lefa ankawamva atafunda bulangete kumutu.

Kenako tsiku lina zinangotheka. Moja, mbili, tatu, nne yopunduka koma yodutsika, tano, sita, saba, nane, ndiye kuti wani mpaka eyiti. Anabwereza katatu osapunthwa. Nane anaikonda, anati imeneyo ndiye nambala yokhala ndi ulemu. Anauza akazi awo kuti mawa apite kuntchito nthawi yake, za mwana azisiye m'manja mwa odziwa.

M'mawa mwake anachita zonse mwadongosolo. Anagwada, mkono uja wozolowera kukhapa mpweya anaupanira kumbuyo kuti usawachititse manyazi, mawu anawatsitsa mpaka kumveka ngati akupemphera. Kadona anawayang'ana mokayikira, komabe analola. Anapuma pa moja, anapuma pa mbili, pa nne anakwinya nkhope koma anapirira. Atafika pa nane, a Lefa anachotsa chophimba chija, anagwira timanja ta mwanayo, anatipukuta pa malaya awo, anamuyang'anitsitsa m'maso n'kumufunsa ngati ali bwino kuti apitirize.

M'nkhonya ndi momwe zimakhalira. Munthu akagwa n'kudzuka, woyimbira amamuwerengera mpaka eyiti, amamupukuta magolovesi, amamuyang'ana m'maso, nkhondo n'kupitirira. Koma Kadona sanali wankhonya. Anawayang'ana ngati amubera. Anatukula zala ziwiri pamphuno pawo kuonetsa zomwe zatsala, n'kuloza chibotolo. A Lefa anati zakwana, mankhwala alowa, nane ndi yokwanira munthu aliyense wamphamvu. M'mawa wotsatira anachitanso chimodzimodzi. Wachitatu wake Kadona anabisa chibotolo m'nsapato yantchito ya agogo akewo, ndipo atachipeza anatseka pakamwa ndi manja onse awiri. Kuyambira pamenepo babu akangogwira chibotolo, mwana ankathawira kunsi kwa tebulo kukadikira bibi.

A Lefa sananene kanthu kwa akazi awo. Ankangoti zikuyenda. Koma chifuwa sichisunga chinsinsi. Patapita masiku mayiwo anamva kaphokoso kaja mwana akupuma, anamufunsa Kadona m'Chiswahili chawo chothyokathyoka, ndipo Kadona anaulula zonse, mpaka kuonetsa momwe amamupukutira manja.

Anawapeza a Lefa pakhonde akusoka golovesi yong'ambika. Iwo anayamba kudziteteza asanafunsidwe. Anati nambala ziwiri zomalizazo zikukana kukhala m'mutu, ukalamba si matenda koma umabwera ndi zake, ndipo munthu saphunzira chilankhulo cha eni m'masabata ochepa.

"Tisa mukhoza kuiwala, ndivomera," anatero mayiwo. "Nanga kumi? Kumi ndi khumi lathu lomweli, bambo. Mwana woyamwa akhoza kutchula. Inu amene munagonjetsa sita ndi saba, mundiuze kuti khumi lakukanikani?"

A Lefa anapitiriza kusoka, singano ikulowa pomwe yatuluka.

Zoona zake zinali zakuti tisa ndi kumi anazidziwa tsiku loyamba lomwe, zisanakhazikike n'komwe zinzake. Sankafuna kuzitchula basi. Mkulu yemwe anawaphunzitsa kuyimbira, kalekale, anawauza kuti teni sawerengera munthu wako. Eyiti ndi ya munthu amene wadzuka, teni ndi ya amene sakudzuka. Poyamba ankaziona ngati zonena za akuluakulu a ntchitoyo, mpaka tsiku lomwe anawerengera mnyamata wina teni, anthu akukuwa ndi chimwemwe, mnyamatayo n'kutuluka m'holomo pamachira osadzabwereranso kwawo ndi mapazi ake. Panalibe yemwe anawaimba mlandu, anayimbira bwinobwino mwalamulo. Koma kuyambira pamenepo nambala imeneyo anaisiya kuntchito, m'nyumba mwawo sinalowenso. Ngakhale tsiku lija ankaseka namwino, mumtima anali atadula kale ziwiri zakumapeto.

Akazi awo anakhala nawo zaka zambiri moti sanafunike kuuzidwa. Anakumbuka okha kuti make Kadona ali wamng'ono, akamasewera chibisalirano, bambo ake ankathera pa eyiti n'kuyamba kufunafuna, mwana akudandaula kuti sanabisale. Anakhala pansi pambali pawo. A Lefa anayembekezera mawu ofewa, koma anali atakwatira munthu wolakwika.

"Ndiye inu mukuopa nambala, mwana akusowa mpweya," anatero mayiwo. "Kumi sanaphepo munthu, a Lefa. Mphumu ndiye imapha."

Anadziwa kuti akazi awo akunena zoona, ndipo chimenecho ndi chomwe chinawakwiyitsa koposa. Anaponya golovesi pansi, anati m'nyumba muno munthu sangasokenso chinthu mwamtendere, n'kutuluka kukazungulira mseu wopanda kopita. Anachita manyazi, ndipo mantha sanawachoke. Mwana wawo ali gone m'chipatala chakutali, mdzukulu akupuma ngati ketulo, ndiye iwo agwade pamwamba pake n'kutchula khumi? Pakamwa pankakana. Mayiwo anabwerera ku zodzutsa mwana mumdima, ndipo kwa masiku angapo m'nyumbamo anthu ankayankhulana kudzera mwa Kadona, yemwe sankamva theka la zomwe ankamutuma.

Tsoka silinunkha. Tsiku lina masana owotcherera aja analandira chigeti chakale choti achikonze, ndipo anaganiza zoyamba achotsa penti ndi moto. Utsi wake, wakuda ndi wonunkha mphira, unalowa m'shedi kudzera pansi pa malata. Ankhonya anayamba kutsokomola n'kumatukwana. A Lefa anali kumapeto kwa shediyo atagwirira Chigayo thumba, ndipo anatuluka kukakalipira owotchererawo, ntchito yomwe ankaikonda ndipo sankaifulumira. Atabwerera anapeza m'shedi muli zii, anthu onse ataunjikana pazingwe.

Kadona anali atakwawira pansi pa zingwe kulowa m'bwalomo, mwina pofuna agogo ake. Anali atagona chammbali pakati penipeni, dzanja limodzi litatambasuka, chidole chili poteropo. A Lefa anali ataonapo anthu ambiri atagona choncho pa malo ngati amenewo. Pakhosi pa mwanayo pankalowa m'kati akamakoka mpweya, milomo itayamba kuda, ndipo kulira komwe sankatha.

Anamutuma Chigayo kuti akauze owotchererawo azimitse moto wawo ndi kuliza kagalimoto kawo kapikapu msangamsanga. Anatenga chibotolo m'chikwama, anadumpha zingwe ngati maondo ndi a munthu wina, anamudzutsa mwanayo n'kumutsamiritsa pa bondo lawo. Atabweretsa chophimba pafupi, Kadona anatembenuza nkhope. Analibe mphamvu zothawira kunsi kwa tebulo, koma zokana anali nazo. Anakankha chibotolo ndi kadzanja kozizira n'kunong'ona kuti bibi.

Bibi anali kutsidya la tauni, manja ali mu ufa. A Lefa anayesa Chichewa, anayesa kunyengerera, anayesa kuopseza, anamutcha mayi, anamutcha bwana. Mwana anangotseka maso. Apo ndi pamene anaika chibotolo pansi, anamugwedeza pang'ono kuti atsegule maso, n'kutambasula manja onse awiri patsogolo pake, zala zonse zili njo. Kadona anayang'ana zalazo chimodzichimodzi, ngati wogula amene anapusitsidwapo pamalo omwewo. Kenako anatsitsa dzanja lake.

Anakhutchumula, anaphimba, anapopera.

"Moja."

Mawu anatuluka okhakhala. Mbili. Tatu. Ankhonya ogwira zingwe aja anayamba kutsatira chapansipansi, poti nambalazo zinali zitawalowa m'mikono. Nne inatuluka momwe inatulukira, panalibe woseka. Tano. Sita ndi saba anaima pamalo pake ngati ana olangidwa. Nane.

Ankhonya analekera pomwepo, chifukwa mphunzitsi wawo sanawapitirizepo pamenepo chiyambire. Ndipo dzanja la a Lefa, lopanda nzeru, linayamba lokha kubweza chophimba. Kadona anali atatseka maso, mutu uli lendee pa mkono wawo, ndendende munthu amene sakudzuka. Koma kadzanja kake kanakwera, kanagwira chala chawo chachikulu, n'kukanikiza chophimbacho kumaso kwake komwe.

"Tisa," anatero a Lefa. Anayang'ana kumbali ngati pali wina woti awamalizire, koma onse ankangowayang'ana iwo. "Kumi."

Palibe belu lomwe linalira. Kadona anatsegula maso, anachotsa yekha chophimba monga mwa lamulo lake, anakoka mpweya womwe unalowako pang'ono, n'kuloza kapampu kuti abwereze.

Anabwereza. Anabwerezanso ali kumbuyo kwa kapikapu, Chigayo atawatchinga mphepo ndi chimsana chake, wowotcherera akuliza hutala kwa aliyense ngati olakwa ndi anthu a mumseu. Nambala yomwe anaitsekera panja zaka zonsezo anaitchula mobwerezabwereza masana amodzi, ndipo nthawi iliyonse mwana ankatsegula maso. Asanafike pachipata cha chipatala, milomo inali itabwerera mtundu wake, ndipo Kadona anali atapeza mpweya wokwanira kulirira chidole chomwe chinatsala kushedi. A Lefa sanamvepo kulira kokoma ngati kumeneko. Misozi inawatuluka, ndipo anauza Chigayo kuti ndi utsi uja.

Namwino anali yemwe uja. Atamuika mwana pa makina a mpweya anawafunsa a Lefa ngati si iwo aja ananena kuti kuwerenga asawaphunzitse. Anawauza mosapsatira kuti mwana amene wakhala masiku akupatsidwa mankhwala operewera ndiye amagwa ndi utsi woyamba, ndiponso kuti shedi ya pafupi ndi owotcherera si malo osungira chifuwa chotere. A Lefa, omwe sanalolepo munthu kuwayankha m'bwalo, anangoti inde amayi, inde amayi, chipewa chili m'manja.

Akazi awo anafika ali wefuwefu, epuloni ili m'chiuno, ufa mpaka m'zigongono. Sanawayang'ane amuna awo. Anapita kwa mwana, anamugwira pamphumi, pachifuwa, kumapazi, kenako anamufunsa ngati babu anamaliza. Kadona anatukula manja onse awiri, zala zonse. Mayiwo anapuma mozama n'kukhala pa benchi. Kenako mwanayo anaonjezera mawu ena angapo m'Chiswahili, akuloza agogo ake aamuna ndi chala chija cholamulira.

"Akuti chiyani?" anafunsa a Lefa.

"Akuti mwamaliza, koma nne simukuitchulabe bwino."

A Lefa anadzuka pa benchi. Anati ayi, izi ndiye zanyanya. Munthu wadumpha zingwe ndi maondo okutha, wakwera kumbuyo kwa galimoto ngati katundu, wanyozedwa ndi namwino wa msinkhu wa mwana wake, malipiro ake ndi amenewa? Anati zaka zonse zomwe anayimbira nkhonya, palibe ndi mmodzi yemwe amene anamuwerengera mpaka kumapeto n'kudzuka kudzawauza kuti awerenga molakwika. Atanena mawu amenewo anawamva okha: wa lero anali atadzuka. Anakhalanso pansi pang'onopang'ono. Akazi awo anawasansa fumbi la m'shedi paphewa, n'kusiyapo ufa m'malo mwake.

Kuchipatala anawatulutsa dzuwa lisanalowe. Kunyumba anapeza Chigayo atasiya chidole pakhomo, atachikhazika mu golovesi yake. Nthawi ya mankhwala amadzulo itakwana, mayiwo anasamba m'manja, anakhala pa mpando wawo wa masiku onse n'kuitana mwana. Kadona anatenga chibotolo patebulo, anawadutsa agogo aakaziwo ngati sakuwaona, n'kukaima patsogolo pa a Lefa, omwe anali atangotambasula miyendo koyamba tsiku lonse.

Anadandaula. Anati m'nyumba muno muli anthu odziwa Chiswahili choposa eni ake, bwanji osapita kwa iwowo. Anati maondo awo si a boma. Kadona anangodikira, chibotolo chili m'manja, osaphethira. A Lefa anatsika pampando, bondo limodzi kenako linalo, onse akulira ngati chitseko chakale. Anapanira mkono kumbuyo, anaphimba mwana, anapopera.

"Moja," anatero, ndipo ulendo uno ankadziwa komwe akupita.